Matepi a Lachiwiri

Ku Ulongwe, kuseri kwa msika wa mbatatesi,
Gerevaziyo anali ndi chisakasa cha malata adzimbiri,
mabenchi asanu, jenereta yodwala chifuwa,
ndi katoni ya matepi amene anagula ku Dedza pa mtengo wa nkhuku.
Mafilimu a nkhonya ankawasungira Loweruka.
Awa anali a Lachiwiri, tsiku la anthu ochepa,
akalekale, opangidwira kanema wa pabalaza,
otuwa ngati chitenje chochapidwa zaka khumi.

Tinkawadziwa ngati njira ya kuchigayo.
Mayi ali yekha m'nyumba. Kunja mvula.
Foni ilira, ayankha, angomva kupuma.
Magetsi athima, ndipo iye, m'malo mothawira kwa aneba,
ayatsa kandulo n'kutsikira kuchipinda cha pansi.
"Iwe, kodi kwanu kulibe abale?"
ankakuwa motero Felizarda wamakala,
mwana kumsana, chala chili pa galasi.

Galimoto yatsopano, koma tsiku lothawa ikana kulira.
Magazi ngati tomato wa m'chitini.
Wakupha tinkamugwira tepi isanafike pakati:
ndi uja waulemu, wopesa bwino, wotsegulira anzake zitseko.
Wapolisi ankafika zonse zitatha.
Apo pokha sitinkatsutsa.

Panalinso kakhalidwe kena konyansa.
Mpeni ukangokwera m'mwamba, chithunzi chinkada bii,
ife n'kuyamba kutukwana jenereta yosalakwa.
Ndinadzamva nditakula kuti pamdima pamenepo
kwawoko ankaikapo malonda a sopo.
Kani mantha athu anachita kudulidwa mfundomfundo ngati nzimbe
kuti wina agulitse thovu!

Komabe lero ndiwaikira kumbuyo.
Analibe ndalama zophulitsira milatho,
ndiye ankaopseza ndi zomwe aliyense ali nazo:
chitseko, kiyi wosowa,
mpando umene suli pomwe unausiya,
mwamuna wako akumwetulira pa nthawi yolakwika.
Ndipo ankadziwa kudikira.
Kamera inkaima pa chogwirira cha chitseko, duu,
mpaka mtedza kuiwalika m'kamwa,
mpaka kumva njenjete ikugunda malata.
Chingerezi chawo chinkatidutsa pamwamba,
koma phazi lolira pa thabwa silifuna womasulira.

Azakhali anga a Zeferina,
amene anabwerako ku msasa wa othawa nkhondo
ndi poto mmodzi ndi ana awiri a eni,
ankaseka kuyambira poyamba mpaka pothera.
"Mantha a anthu okhuta awa," ankatero.
"Nyumba yonseyi, chakudya chili m'kabati,
n'kumathawa munthu mmodzi yekha?"

Koma Lachiwiri lina la mwezi wa Juni,
chisanu chikulowera m'mabowo a misomali,
munalibe mpeni m'filimumo, ngakhale nyimbo munalibe.
Munthu anangogogoda katatu, usiku,
n'kuitana mwini nyumba ndi dzina lake,
mofatsa, ngati mnzake wa kutchalitchi.
Azakhali anaimirira.
Anamanganso chitenje chomwe chinali chomanga kale,
n'kutuluka osaitanitsa chenji chawo.
Ndinawatsatira. Njira yonse anali chete,
nsapato zokha zikulankhula ndi miyala,
mpaka pa kamlatho ka matabwa, pomwe anati, osandiyang'ana:
"Amene analemba zimenezija, anazimvapo."
Sanapitekonso. Sindinafunse dzina limene iwo anamva likuitanidwa.

Lero Gerevaziyo amatchaja mafoni pa sitolo ya mlamu wake.
Ana amaonera m'manja mafilimu owala ngati mpeni watsopano,
momwe anthu zana amafa munthu usanakhale n'komwe pansi,
ndipo palibe amene amaiwala kutafuna.

Matepi aja anawaphwanya adzukulu.
Anasolola maliboni akuda n'kuwamanga pa timitengo
kuzungulira dimba la kumtsinje.
Ndinadutsako dzana, mphepo ikuomba.
Akunyezimira, akunjenjemera, akulira mwakachetechete,
mayi uja ndi kandulo yake, wakupha uja waulemu,
onse ali pa ntchito yawo yakale yomweyo.
Mbalame zina zimawaseka n'kutera.
Zina zimazungulira patali.